Chifuwa chikakula mbali imodzi: zoyenera kuchita inu onyamula zitsulo

Tsiku lina madzulo, titamaliza kunyamula zitsulo kuseri kwa nyumba ina ku Kapata mumzinda wa Chipata, mnyamata wina anandikokera pambali. Anadikira kuti anzake atuluke kaye pageti, kenaka anavula malaya n'kuima njo patsogolo panga.

"Akulu, tandiyang'anani bwino. Mbali yakumanjayi yadzaza, koma yakumanzereyi ikukana. Chaka chathunthu ndakhala ndikukankha, koma ikungotsalira. Kodi ndikudwala?"

Ndinamuyang'ana, ndipo sankanama. Ndinati, "Mphwanga, vala malaya. Mawa ubwere ndi foni yako ndi kope, tiyambire pa zitsulo zimene ukunyamulazo."

Zimene tinachita kuyambira tsiku limenelo ndi zimene ndalemba pano, chifukwa ndikudziwa kuti anyamata ambiri kuno ku Chipata, ku Katete, ku Petauke mpaka ku Lundazi ali ndi nkhawa yomweyi koma amachita manyazi kufunsa. Ambiri akangoona vutoli amayamba kuipanikiza mbali yaing'onoyo tsiku ndi tsiku, mapeto ake phewa n'kuyamba kupweteka chifuwa chili chomwecho. Musanawonjezere katundu, pezani kaye chimene chikuchititsa.

Mnofu waukulu wa pachifuwa madokotala amautcha pectoralis major. Ilipo iwiri, wina kumanja wina kumanzere, ndipo uliwonse uli pawokha. Umayambira pa fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi, pa fupa lapakati pa chifuwa ndi pa nthiti zam'mwamba, n'kusonkhana kukathera pa fupa la mkono pafupi ndi khwapa. Ntchito yake ndi kukankhira mkono kutsogolo ndi kuubweretsa mkati, monga mumachitira pokumbatira thumba la chimanga. Popeza uliwonse uli pawokha, umakula molingana ndi ntchito imene mwaupatsa. Anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse amadalira dzanja lamanja kuyambira ali ana, choncho palibe munthu amene mbali zake ziwiri zimafanana ndendende. Kusiyana pang'ono si matenda.

Yambani ndi kuona bwinobwino

Galasi la m'chipinda limanamiza. Babu ikakhala mbali imodzi, mthunzi umagwera mbali inayo, chifuwa n'kuoneka chopendekeka. Tulukani panja m'mawa musanagwire chitsulo chilichonse, imani pamthunzi, manja ali pansi omasuka, ndipo mnzanu akujambuleni foni ili mulingo wa chifuwa chanu. Akujambuleninso kumbuyo. Pachithunzicho musathamangire kuyang'ana chifuwa chokha. Onani mapewa: kodi lina latsika, kapena lagwera kutsogolo? Phewa likagwera kutsogolo limabisa mnofu, mbaliyo n'kuoneka yaing'ono pomwe nyama ilipo.

Kenaka bwerekani tepi kwa telala. Yezani kuchokera pakati pa fupa la chifuwa, kudutsa pansi pa khwapa, mpaka pakati pa msana, mbali iliyonse payokha. Yezaninso mikono yonse iwiri. Lembani m'kope pamodzi ndi tsiku.

Muyesenso mphamvu. Tengani dumbbell imodzi (chitsulo chachifupi chonyamula ndi dzanja limodzi), gonani pabenchi, kankhani ndi dzanja limodzi mpaka litatopa, mukuwerenga. Pumulani mphindi 3, sinthani dzanja, dumbbell yake ikhale yomweyo. Mmene ndimaonera ine, kusiyana kamodzi kapena kawiri si nkhani. Koma ngati lamanja lafika ka 12 pomwe lamanzere lakanika pa 7, pamenepo pali ntchito. Mnyamata uja anapeza 13 ndi 8.

Zina si zapabenchi, ndi zakuchipatala

Izi ndaziika koyambirira dala, chifukwa pali mavuto ena amene chitsulo sichingathetse, chimangowakulitsa.

Ngati tsiku lina mukukankha munamva kanthu kuti phwa pachifuwa kapena pafupi ndi khwapa, kupweteka kwadzidzidzi, kenaka khungu la mkono kapena la chifuwa n'kuda ndi magazi a mkati, ndiye kuti mnofu ungakhale unang'ambika. Zimenezi zimachitika kawirikawiri pa bench press (kukankhira chitsulo m'mwamba mutagona chagada pabenchi), makamaka potsitsa katundu wolemera. Pambuyo pake mbaliyo imaoneka yophwa kutsogolo kwa khwapa. Musadikire miyezi mukuthowa ndi madzi otentha. Ngati pakufunika opaleshoni, imayenda bwino ikachitika m'masabata oyambirira.

Ngati mbali imene ikuoneka yaikuluyo ili ndi chotupa pansi pa nsonga ya bere, cholimbirapo kapena chopweteka mukachigwira, si mnofu umenewo. Nthawi zambiri ndi kukula kwa bere mwa mwamuna, kumene achipatala amati gynaecomastia. Kumachitika kwambiri mwa anyamata amene akutha msinkhu ndipo kawirikawiri kumatha kokha, koma kumabweranso ndi ma steroid (mankhwala okulitsa thupi), mowa wambiri, matenda a chiwindi ndi mankhwala ena monga efavirenz, amene ali m'gulu la ma ARV. Ngati muli pamankhwala, musawasiye nokha, kawauzeni amene anakupatsani. Ndipo chotupa chikakhala cholimba ngati mwala, nsonga ya bere italowa mkati kapena ikutuluka madzi kapena magazi, pitani msanga. Khansa ya m'mawere imagwiranso amuna ngakhale kuti si kawirikawiri.

Pali ena amene anabadwa opanda gawo la mnofu umenewu mbali imodzi, kawirikawiri yakumanja, ndipo nthawi zina dzanja la mbali yomweyo limakhala laling'ono kapena zala zolumikizana. Vutoli limatchedwa Poland syndrome, kuchokera ku dzina la Alfred Poland amene analifotokoza ku London mu 1841. Munthu wotere akhoza kunyamula zitsulo n'kukhala wamphamvu, koma mnofu umene kulibe sungamere. Enanso msana wawo ndi wopindika chammbali, ndipo nthiti za mbali imodzi zimatuluka kuposa zinzake. Palinso amene mkono umachita dzanzi, kufooka, mnofu n'kumaphwa wokha, zomwe zimasonyeza vuto la mitsempha yochokera m'khosi.

Mukaona chimodzi mwa izi, yambirani kukiliniki yapafupi. Akaona kuti n'koyenera adzakutumizani ku Chipata Central Hospital, ku St Francis ku Katete kapena ku chipatala china chachikulu, ndipo funsani ngati mungaonane ndi a physiotherapy, akatswiri othandiza minofu ndi mafupa kudzera m'masewera olimbitsa thupi. Koma kupweteka kwa pachifuwa kobwera ndi phuma, thukuta lozizira kapena chizungulire sikudikira mawa, chifukwa ungakhale mtima.

Yezani zitsulo zanu

Apa ndipo pamene pagona nkhani kwa ife ambiri, ndipo malangizo a pa intaneti sanenapo kanthu chifukwa amene amawalemba amanyamula zitsulo zakufakitale. Zathu zambiri ndi zopanga tokha: paipi yolowetsedwa m'zitini ziwiri za penti zodzaza simenti, magiya akale a galimoto, zidutswa zowotcherera kwa owotcherera. Zimagwira ntchito ndithu, ine ndinakulira zomwezo. Koma amene anasakaniza simentiyo sanayeze. Chitini china chinalowa miyala yambiri, china mchenga, china chinatsala ndi mphako mkati, china chinagumuka m'mphepete tsiku limene chinagwa pansi. Ndi maso zimaoneka zofanana.

Tsiku lotsatira lija ine ndi mnyamata uja tinamanga ma dumbbell ake awiri pakaliyala ya njinga n'kupita nawo kwa ogula nshawa ndi soya, amene amakhala ndi sikelo yopachika. Tinapempha mwaulemu, anatilola. Imodzi inalemera makilogalamu 14, inzake 16 ndi theka. Iye ankadziwa kuti ina imalemererapo, ndipo masiku onse ankaipereka ku dzanja lamanja poti ndilo lamphamvu. Chaka chonse mbali yamphamvuyo ndiyo inkalandira katundu wambiri.

Chitsulo chachitali chimene simenti yake siichoka simungachiyeze mbali imodzi pasikelo. Chitani izi: pezani pakati penipeni pa paipi ndi tepi, mangani chingwe pamenepo, chipachikeni panthambi ya mango. Mbali imene yatsika ndiyo yolemera. Kumbali yopepukayo mangirirani tizitsulo ndi malegeni mpaka chitakhala mowongoka. Ngati zimenezo zavuta, pakani penti mbali imodzi kuti muziizindikira, ndipo muzitembenuza chitsulocho pa seti iliyonse (seti ndi kukankha kangapo motsatizana musanapume) kuti mbali yolemerayo isamagwere dzanja limodzimodzi.

Mukadali ndi tepi m'manja, ikani chizindikiro pakati pa paipi ndi zina ziwiri pamene manja azigwira, motalikirana mofanana kuchokera pakatipo. Chitsulo chakufakitale, chija cholemera makilogalamu 20 chotalika mamita 2.2, chimabwera ndi mizere yake ya ntchito imeneyi. Paipi yathu ilibe, ndiye munthu amangogwira mwachizolowezi, dzanja lina pafupi lina kutali, osadziwa kuti katundu wapendekera mbali imodzi.

Benchi nayo muione. Ikakhala padothi, mwendo umodzi umalowa pansi, makamaka nthawi ya mvula. Bwerekani levulo kwa mmisiri womanga nyumba, kapena gonekani botolo la madzi pabenchipo muone kumene likugubudukira. Onani ngati zitsulo ziwiri zoikapo katundu zili zofanana kutalika. Thabwa logonapo lisachepe kwambiri, likhale pafupifupi masentimita 30 mulifupi, chifukwa likachepa phewa limodzi limalendewera kunja.

Amene mulibe ma dumbbell ofanana, musadandaule. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye zigubu ziwiri za malita 5 zodzaza bwino ndi katundu wofanana kuposa simenti yongoyerekeza. Zikayamba kupepuka thiranimo mchenga, koma mukayeze pasikelo.

Dzioneni mukukankha

Imikani foni chakumapazi kwa benchi, pakati penipeni, ijambule vidiyo ya seti yonse. Kukankha koyambirira kumaoneka bwino kwa aliyense. Yang'anitsitsani katatu komaliza, pamene thupi latopa. Mudzaona chitsulo chikukwera mopendekeka, dzanja lina litatsogola. Mudzaona chigongono china chikutseguka kunja, phewa la mbali yofookayo likunyamuka pabenchi, mutu ukupotokera kumbali, mwina ndi phazi limodzi lili m'malere. Pamenepo chifuwa cha mbali yofookayo chasiya ntchito, phewa ndi kumbuyo kwa mkono ndi zimene zikumalizitsa.

Kagonedwe koyenera ndi aka. Mapazi onse awiri aponde pansi mofanana. Kokerani mafupa akumbuyo kwa mapewa pamodzi ndi kumunsi, ngati mukufuna kupana pensulo pakati pa msana, ndipo akhale choncho mpaka seti ithe. Zigongono zisatambasuke kufika mulingo wa mapewa, zitsike pang'ono chakunthiti. Tsitsani katundu mwapang'onopang'ono, masekondi awiri kapena atatu, akhudze chifuwa pamzere wa nsonga za mawere mosadumphitsa, kenaka kankhani manja onse limodzi.

Uzaninso mnzanu amene amaima kumutu kwa benchi mukamakankha kuti akamathandiza azigwira pakati ndi manja awiri. Ambiri amakoka mbali imene yatsalirayo, ndipo potero amailanda ntchito imene ikanaikulitsa.

Ndipo chotsani katundu. Ndikudziwa kuti apa m'pamene pamawawa, chifukwa anzanu akuyang'ana ndipo aliyense amafuna kumveka kuti amakankha zingati. Koma katundu amene simungamukweze mowongoka ndi amene akukulitsa kusiyanako.

Dzanja lofooka likhale lotsogolera

Kwa masabata 8 mpaka 12, chiikeni kaye pambali chitsulo chachitali. Manja awiri akagwira chitsulo chimodzi, lamphamvu limasenzera linzake inu osadziwa. Ma dumbbell salola zimenezo, dzanja lililonse limanyamula wake.

Lamulo lake ndi limodzi, ndipo ndimalibwereza kwa aliyense: mbali yofooka ndiyo imasankha kulemera kwa katundu, ndiyo imayamba, ndipo pamene yalekera ndi pamene yamphamvu ilekerenso. Lamanzere likathera pa 9, lamanja liime pa 9 ngakhale likumva kuti likanafika pa 14. Ena amaopa kuti mbali yaikuluyo iphwa. Siiphwa, chifukwa ikugwirabe ntchito. Ikungodikira inzake.

Chifuwa muzichigwiritsa ntchito kawiri pasabata, mwachitsanzo Lolemba ndi Lachinayi, kuti pakati pazipita maola osachepera 48. Mnofu umakula pamene ukupuma. Yambani ndi kutenthetsa thupi: kuzunguliza mikono, ma push-up opepuka 10, ndi seti imodzi ya katundu wopepuka. Kenaka kankhani ma dumbbell awiri mutagona pabenchi yowongoka, maseti 3, ka 8 mpaka 12 pa seti, n'kumapuma mphindi 2 pakati. Mukatero kwezani benchi chakumutu pang'ono kuti gawo lam'mwamba la chifuwa ligwire ntchito, maseti 3 enanso. Ngati mukukweza ndi njerwa, zikhale zokhazikika, muziyese kaye musananyamule kanthu.

Chachitatu ndi chimene ndimachikonda kwambiri. Gonani chagada pansi pamphasa, mawondo opinda, dumbbell imodzi m'dzanja lofooka. Dzanja linalo muliike pachifuwa cha mbali imene ikugwira ntchitoyo, zala zikhudze mnofu. Tsitsani mpaka chigongono chikhudze pansi, imani kamphindi, kankhani. Pansi pa zala zanu muzimva mnofu ukulimba ngati buledi wouma. Mukapanda kuumva, chepetsani katundu ndi liwiro mpaka muumve. Anyamata ambiri amadabwa pamenepa, amati, "Akulu, mbali iyi sindinaimvepo chiyambire." Ka 10 mpaka 12, maseti awiri mbali iliyonse.

Pomaliza dulani chubu chakale cha njinga, mangani pamtengo mulingo wa chifuwa, fulatirani mtengowo, ndipo kokani ndi dzanja limodzi kuchokera kumbali kubwera kutsogolo mpaka dzanja lidutse pakati pa chifuwa. Ka 15. Apa pokha ndi pamene ndimalola seti imodzi yowonjezera ya mbali yofooka. Imodzi basi. Mukaipatsa zitatu kapena zinayi tsiku lililonse, imafika tsiku lotsatira isanachire, n'kukhala yofooka kuposa kale.

Mukafika ka 12 pa maseti onse ndi dzanja lofookalo mosapotoka, wonjezerani kilogalamu imodzi kapena awiri mbali zonse.

Musaiwale msana. Chifuwa chimakankha chitatsamira pa mapewa, ndipo mapewa amagwiridwa ndi minofu yakumbuyo. Bondo ndi dzanja limodzi pabenchi, kokani dumbbell kubwera m'chiuno, kuyambira mbali yofooka, maseti 3. Dzikokereninso m'mwamba panthambi kapena papaipi. Ngati chithunzi chija chinaonetsa phewa logwera kutsogolo, imani pakhomo, ikani mkono pafelemu ya chitseko, sunthirani thupi kutsogolo mpaka mumve chifuwa chikukokeka, masekondi 30, kawiri kapena katatu patsiku. Pantchito zapakhomo, monga kutunga madzi, kukankha njinga ya makala kapena kunyamula thumba, muzisinthako dzanja pamene n'kotheka.

Za m'mbale

Palibe chakudya chimene chimapita mbali imodzi ya chifuwa, koma popanda chakudya chokwanira mbali yotsalirayo ilibe chomangira. Wonyamula zitsulo amafunika mapuloteni pafupifupi magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Wolemera makilogalamu 65 ndiye kuti magalamu oposa 100 pang'ono. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6. Nshawa, zimene kuno Kum'mawa sitisowa, magalamu 100 ali ndi pafupifupi 25. Ma soya pieces ouma pafupifupi theka lake ndi mapuloteni, ndipo ndi otsika mtengo kuposa nyama. Onjezani kapenta, nyemba ndi mkaka, mugawe pa chakudya cham'mawa, chamasana ndi chamadzulo. Nsima musaisiye, ndiyo imakupatsani mphamvu yokankhira. Zitini zodula za ufa wa mapuloteni zija mukhoza kukhala opanda. Tulo tikhale ta maola 7 mpaka 9.

Za jakisoni ndi mapilitsi okulitsa thupi amene ena amagulitsa mobisa, ndikupemphani ndi mtima wonse, asiyeni. Sawongola chilichonse, mbali yaikulu imakulabe limodzi ndi yaing'ono. Amatupitsa mawere, amawononga chiwindi ndi mtima, amachepetsa mbewu yaumuna, ndipo mnofu umakula msanga kuposa mtsempha woulumikiza ku fupa, kung'ambika kuja n'kukhala pafupi.

Nthawi imene zimatenga

Musadziyang'ane pagalasi tsiku lililonse kufuna kusintha, mudzangofooka nkhongono. Jambulani chithunzi pakatha masabata 4 alionse, malo omwewo, nthawi yomweyo, ndipo bwerezani kuyesa kwa dzanja limodzi kuja. Mphamvu ndiyo imayamba kufanana. Kukula kwa nyama kumabwera pambuyo, patapita miyezi.

Pali zina zimene sizidzasintha ngakhale mutachita zonsezi mosaphonya. Pamene mnofu unamera pa fupa ndi pobadwa napo. Wina mzere wam'munsi wa chifuwa chake ndi wokwera mbali imodzi, wina mpata wapakati ndi wokhota, wina nsonga ya bere ina ili m'mwamba pang'ono kuposa inzake. Yang'anani zithunzi za akatswiri a mipikisano yolimbitsa thupi, mudzaona kuti nawonso ali nazo. Chimene mungasinthe ndi kunenepa kwa mnofu ndi mphamvu yake.

Manja onse akayamba kufika chiwerengero chofanana, kapena kusiyana kamodzi kokha, bwererani ku chitsulo chachitali ndi katundu wopepuka kuposa amene munasiyira, manja pa zizindikiro zija, foni ikujambula kamodzi pasabata. Ma dumbbell musawataye, atsale pa tsiku limodzi mwa masiku awiri aja.

Mnyamata uja tinamuyesanso patatha miyezi itatu. Lamanja linafika ka 14, lamanzere ka 13. Pachithunzi mbali yakumanzere inali ikadali yotsalirako pang'ono kumunsi, koma m'mwamba inali itadzaza. Ma dumbbell aja anawagumula n'kuumba ena, ndipo ulendo uno simenti, mchenga ndi miyala anayeza ndi kapu imodzimodzi pa chitini chilichonse, zitauma n'kupita nazonso kusikelo.